Puloti ikachepa, yambani ndi galimoto, nyumba ibwere pambuyo

Puloti yanga ndi ya mamita 15 m'lifupi ndi 27 m'litali. Tsiku limene ndinakaiona koyamba inali udzu wokhawokha, ndipo m'maso mwanga inkaoneka ngati bwalo la mpira. Nditakhoma zikhomo n'kumanga chingwe pamene nyumba idzakhale, bwalo lija linasanduka kamphasa. Mayi a kunyumba anaima pakati pa zingwezo n'kundifunsa kuti, "Nanga galimoto muzidzaisiya kuti, bambo?" Ndinaloza kumbuyo. Anafunsanso kuti idzadutsa pati pokafika kumbuyoko. Yankho ndinalibe, chifukwa pulani imene ndinali nditajambula inali itaika nyumba pakatikati, uku mamita awiri, uku mamita awiri.

Pulani ija ndinaing'amba. Chimene ndinaphunzira, chimenenso ndimauza aliyense amene ali ndi kapuloti ngati kanga, n'chakuti chipinda chimamva koma galimoto siimva. Chipinda chogona mukhoza kuchichepetsa ndi theka la mita, bedi n'kulowabe. Khitchini mukhoza kuisamutsa, khonde mukhoza kulidula. Galimoto ndi chitsulo, siipindika, ndipo pokhota imafuna malo ake onse. Choncho pa pepala jambulani kaye njira ya galimoto, kuchokera pamsewu mpaka pamene izigona ndi pamene izitembenukira, kenako nyumba ikhale pamalo otsalawo.

Musanajambule kalikonse, dziwani kuti malo amene mungamangepo ndi ochepa kuposa amene munagula. Pezani mabikoni onse anayi, zizindikiro za malire zimene zili m'ngodya za puloti. Mpanda wa mnansi wanu si malire, mwina iyenso anangoyerekeza. Ngati bikoni imodzi yasowa, itanani saveya, katswiri woyeza malo, chifukwa pa puloti yaing'ono masentimita 40 akhoza kukhala kusiyana kwa galimoto kulowa ndi kukanika. Kenako pitani ku ofesi yoona za mapulani a nyumba m'dera lanulo mukafunse zinthu zitatu: mpata umene muyenera kusiya pakati pa nyumba ndi malire kutsogolo, m'mbali ndi kumbuyo, gawo la puloti limene amalola kuti likhale pansi pa denga, komanso ngati galaja kapena shedi ya galimoto imaloledwa kugunda kumalire. Malamulowa amasiyana malo ndi malo, ndiye musatengere za mnzanu wa kwina. Safunsa anadya phula. Ine ndinayenera kusiya mamita 5 kutsogolo, mita imodzi ndi theka mbali zonse ziwiri, ndi mamita 3 kumbuyo. Pa masikweya mita 405 amene ndinagula, omangapo anatsala 228, malo a mamita 12 m'lifupi ndi 19 m'litali.

Mukadali pomwepo, imani pamsewu muone zimene zili kutsogolo kwa puloti: polo ya magetsi, ngalande, mtengo waukulu, chivundikiro cha mapaipi, ngodya ya msewu. Zinthu zimenezi ndi zimene zimasankha pamene geti lidzakhale, osati inu. Kwanga polo inali mamita 4 kuchokera pa bikoni ya kum'mawa, choncho nkhani ya geti inatha yokha: kumadzulo.

Tsopano miyeso. Galimoto yaing'ono ya m'tauni imatalika pafupifupi mamita 4. Toyota Corolla ya buti ili pafupifupi mamita 4.6. Pikiapu ya zitseko zinayi ngati Toyota Hilux imafika mamita 5.3, ndipo m'lifupi, mukawerengera magalasi a m'mbali, imapyola mamita 2. Apa m'pamene mlamu wanga anagwa nayo. Anayeza kagalimoto kamene anali nako panthawiyo, n'kumanga galaja ya mamita 5 mkati. Patapita zaka zitatu anagula pikiapu. Lero m'galajamo muli matumba a simenti, njinga ndi firiji yakufa, galimoto imagona panja. Musayezere galimoto imene muli nayo, yezerani yaikulu imene ingadzalowe pakhomopo, yanu kapena ya munthu amene adzakhale m'nyumbayo inu mutachoka.

Malo oimikapo galimoto imodzi panja, opanda khoma m'mbali, ndi mamita 2.5 m'lifupi ndi 5 m'litali. Mukaika makoma nkhani imasintha, chifukwa chitseko cha galimoto chimafuna masentimita 70 kapena 80 kuti munthu atuluke bwinobwino. Galaja ya galimoto imodzi isachepere mamita 3 m'lifupi ndi 6 m'litali, ndipo muyeso umenewu ndi wa mkati, pulasitala atapakidwa kale. Nenani mawu akuti "mkati" momveka kwa mmisiri, ndipo alembedwe pa pulani, apo ayi adzayeza kunja kwa makoma ndipo mudzataya masentimita 40 kapena kuposa. Yanga ndi 3.5 ndi 6.5. Theka la mita lowonjezera m'lifupi ndi limene limathandiza kutsitsa mwana kapena nkhalamba popanda kugunditsa chitseko kukhoma, ndipo la m'litali ndinaikako mashelefu. Galaja ya magalimoto awiri imafuna mamita 6 mbali zonse. Pa puloti ya mamita 15 m'lifupi ndiye kuti theka la malo omangapo kutsogolo latha, ndipo ine ndimati musayerekeze n'komwe. Ngati magalimoto ali awiri, ina iziima kumbuyo kwa inzake. Zimatopetsa m'mawa wina akafuna kutuluka msanga, koma kusuntha galimoto n'kwa mphindi ziwiri, pamene pabalaza pothina mpa moyo wonse.

Khomo la galaja likhale mamita 2.4 m'lifupi pang'ono zedi, 2.7 ngati malo alipo. Kutalika kwake ambiri amaika mamita 2.1 chifukwa lintolo, mtanda wopingasa pamwamba pa zitseko zonse za nyumba, imadutsa pamenepo ndipo mmisiri safuna kuvutika. Ine ndinavomera zimenezo, ndipo ndimadandaula. Tsiku limene ndinamangirira katundu pamwamba pa galimoto ndinachita kumasula zonse panja mvula ikugwa. Kwezani lintolo ya khomo la galaja ifike 2.4, ndi mizere yochepa chabe ya njerwa.

Funso lalikulu ndi lakuti galaja ikhale pati. Anthu ambiri amaikonda kumbuyo kwa nyumba, kuti kutsogolo kuoneke bwino. Werengani mtengo wake poona malo amene ikudya, osati ndalama: njira ya mamita 3 m'lifupi yoyenda mamita 20 kukafika kumbuyo ndi masikweya mita 60. Amenewo ndi zipinda zogona zinayi zabwinobwino zimene mwazipereka kwa matayala. Kuwonjezera apo nyumba yonse imapyapyala ndi mamita atatuwo, ndipo bwalo la kumbuyo, kumene mukanayanika zovala, kudzala masamba kapena kusiya ana azisewera kutali ndi msewu, limasanduka potembenukira. Galaja ya kumbuyo imayenera pa puloti ya pangodya, imene ili ndi msewu wachiwiri m'mbali, kapena imene ili ndi kanjira kuseri. Kupatula apo, ayi.

Kuiika kutsogolo kwenikweni, pafupi ndi geti, kumasunga malo koma kumaphimba nyumba, ndipo nthawi zambiri lamulo la mpata wa kutsogolo sililola. Chimene chinandiyendera ine ndi kuilumikiza kunthiti kwa nyumba, mbali imodzimodzi ndi geti, kuti galimoto ikalowa ingolunjika osakhota. Galaja inatenga pafupifupi mamita 4 pa 12 aja, nyumba kutsogolo inatsala ndi 8: pabalaza ndi khonde. Kuseri kwa galaja nyumba inatambasuka n'kutenga mamita 12 onse, ndipo kumeneko ndi kumene kuli zipinda zogona. Khoma limodzi ndi la nyumba ndi galaja yomwe, denga ndi limodzi, njerwa ndi malata zinapulumuka.

Popeza geti linagwera kumadzulo, galaja nayo inagwera komweko, ndipo ndinapeza phindu limene sindinaliganizire. Dzuwa la masana likapendeka limamenya khoma la kumadzulo mpaka kulowa, ndipo chipinda chimene chili kumeneko chimakhala ng'anjo mpaka usiku. Kwathu kutentha konseko kumathera m'galaja. Ngati muli ndi ufulu wosankha mbali, ikani galaja kumene kukuchokera chimene simukuchifuna, kaya ndi dzuwa la madzulo, mphepo yozizira kapena phokoso la mnansi. Chinanso, khitchini kapena sitolo ikhale moyandikana ndi galaja. Amene amanyamula katundu kuchokera m'galimoto adzakuthokozani.

Pakati pa geti ndi khomo la galaja siyani mamita 6, ngakhale lamulo litalola 5. Ine ndinabweza nyumba yonse ndi mita imodzi ndi theka kuti pakhale 6.5, ngakhale kuti zinandidyera malo omangapo. Chifukwa chake n'chakuti galimoto izitha kulowa yonse, geti n'kutsekeka kumbuyo kwake, inu musanatsegule galaja. Usiku zimenezi si nkhani yamasewera. Malo omwewo ndi amene amakhala oimikapo galimoto yachiwiri.

Geti likhale mamita 3.5 kapena 4 ngati msewu wanu ndi wopapatiza, chifukwa galimoto imalowa ikadali chokhota, ndipo matayala a kumbuyo amadula ngodya kuposa a kutsogolo. Nsanamira zambiri za mageti zimene mumaziona zitagumuka zinagundidwa ndi nthiti ya kumbuyo, osati mphuno. Geti la zitseko ziwiri zotsegukira mkati limasesa mamita pafupifupi 2 a bwalo, ndipo pamenepo simungaimike kanthu. Lotsegukira kunja limatchinga njira ya anthu oyenda pansi, ndipo m'malo ambiri sililoledwa. Pa puloti yaing'ono geti lokankhira chammbali, loyenda pa njanji, ndiye labwino, bola mukumbukire kuti limafuna khoma lowongoka lotalika ngati khomo lakelo, lopanda mpopi, mita ya madzi kapena kageti ka anthu panjira pake. Kageti ka anthu kakhale pakokha, ndi kanjira kake kokafika pakhonde, kuti mwana wotumidwa asamadutse kumbuyo kwa galimoto. Ndipo mpanda wa m'mbali mwa geti, mamita awiri uku ndi uku, ukhale wotsika kapena woonekera. Woyendetsa amakhala mamita awiri kumbuyo kwa mphuno ya galimoto, ndiye pamene iye akuyamba kuona msewu, galimoto imakhala itatulukira kale.

Nkhani yotembenuka ndi imene inandidyera masiku ambiri. Galimoto wamba kuti izungulire kamodzi n'kuyang'ana kumene yachokera imafuna malo a mamita 10 mpaka 12, pikiapu kuposa apo. Malo otere pa kapuloti palibe, iwalani. Zotheka ndi ziwiri. Choyamba, kusiya kampata kammbali kutsogolo kwa nyumba, mamita 3 m'lifupi ndi 4 kapena 5 m'litali, kopingasa ndi njira yolowera. Mukatuluka m'galaja chambuyo mumakhotetsera buti m'kampatako, kenako n'kutuluka pageti chamtsogolo. Ngodya ya pamene kampatako kakumana ndi njira isakhale yakuthwa, muidule mozungulira, ndipo pasakhale duwa kapena nyale, chifukwa tayala lidzapondapo basi. Kampata komweko ndi kamene mlendo amaimikapo, ngakhale kuti mlendo akaimika inu potembenukira mulibenso. Chachiwiri n'kuvomereza kuti mbali imodzi muziyenda chambuyo. Ngati ndi choncho, lowani chambuyo, tulukani chamtsogolo. Galimoto imalowa bwino pothina ikamabwerera, chifukwa matayala okhota amakhala kumene kuli malo, ndipo potuluka mumaona msewu ndi maso anu. Ngati msewu wanu ndi wodutsa magalimoto ambiri, njira yachiwiriyi isiyeni, pezani malo a kampata kaja ngakhale khonde lichepe.

Zonsezi musazikhulupirire pa pepala pokha. Ine ndinayamba ndi pepala la timabokosi, sentimita imodzi kuimira mita imodzi, n'kudula kakatoni ka masentimita 5.3 ndi 2 kukhala galimoto, n'kumakayendetsa ndi chala. Zimathandiza, koma chala chimanama, chimakhotetsa kakatoni mmene galimoto singakhotere. Choncho Loweruka lina, maziko asanakumbidwe, tinapita ku puloti ndi tepi, chingwe, zikhomo ndi laimu. Tinalemba pansi makoma, geti ndi khomo la galaja, ngodya tikuziwongola ndi muyeso wa 3, 4, 5: mamita 3 mbali ina, 4 mbali inayo, ndipo chingwe chopingasa chikakwana 5 ndiye kuti ngodya yakhala bwino. Pa ngodya iliyonse tinaimika ndowa yopanda kanthu ndi ndodo yaitali. Kenako ndinabwereka pikiapu ya mlamu wanga uja n'kulowa, kutuluka, kutembenuka. Ndinagwetsa ndowa ya pangodya ya khonde katatu. Mayi a kunyumba, amene amayendetsa mosamala kuposa ine, anaigwetsa kamodzi. Tinadula khonde ndi masentimita 60 tsiku lomwelo, ndi phazi, pofufuta mzere wa laimu. Likanakhala la konkire bwenzi tikulankhula za nyundo. Aliyense amene aziyendetsa pakhomopo ayese yekha, ndipo muyeseko kamodzi kutada.

Mwina mukudzifunsa ngati galaja ya makoma ndi yofunikadi. Kunena zoona, kwa anthu ambiri shedi ya nsanamira ndi denga imakwana. Imatchinga dzuwa, mvula ndi matalala, siitseka kuwala kwa mawindo a mbali imeneyo, zitseko za galimoto zimatseguka momasuka, ndipo galimoto ikachoka pamakhala pokhala anthu. Imene ili ndi makoma imapambana pa chitetezo ndi posunga zida. Ngati ndalama zikuperewera, thirani maziko ndi pansi pa muyeso wa galaja yathunthu, imikani nsanamira ndi denga, makoma adzabwere chaka china. Chenjerani ndi pamene mukuimika nsanamira, isagwere pamene chitseko cha woyendetsa chimatsegukira. Yezani ndi galimoto itaima pamalo pake.

Galaja yolumikizana ndi nyumba ili ndi zoopsa ziwiri, utsi ndi moto. Utsi wa injini uli ndi mpweya wa carbon monoxide, umene suoneka komanso sununkha, koma umapha. Musamasiye injini ikulira m'galaja, ngakhale khomo lili lotsegula, ndipo siyani timipata tolowera mphepo m'munsi ndi m'mwamba mwa khoma lakunja. Chitseko cholowera m'nyumba chikhale cholimba, chotseka bwino, ndipo chitulukire kukhitchini, kusitolo kapena m'kanjira, osati m'chipinda chogona. Khoma la pakati lifike mpaka kudenga, lisathere pa siling'i. Pansi pa galaja pakhale potsika ndi masentimita 10 kuyerekeza ndi pansi pa nyumba, ndipo papendekere kukhomo lakunja, kuti mafuta akatayika asalowere kwa anthu.

Za madzi ndiye ndili ndi chipsera. Puloti yanga ndi yotsika pang'ono kuposa msewu, ndipo pothira konkire ya panjira sindinalabadire. Mvula yoyamba madzi a mumsewu analowa pageti ngati aitanidwa, n'kutsetsereka mpaka m'galaja. Ndinachita kudula konkire yatsopano, kuika ngalande ya zitsulo pamwamba pakhomo la galaja, ndi kukweza kalinga kakang'ono pageti. Mamilimita a mvula amaoneka ochepa pomva, koma milimita imodzi pa sikweya mita imodzi ndi lita yathunthu. Denga ndi bwalo langa pamodzi ndi masikweya mita pafupifupi 200, choncho mvula ya mamilimita 30 imandipatsa malita 6,000, migolo 30 ya malita 200, ndipo yonse iyenera kupeza kolowera. Njira ya galimoto ipendeke ndi sentimita imodzi kapena ziwiri pa mita iliyonse, kuchoka kunyumba, ndipo madziwo asapite kwa mnansi. Ngati malo anu ndi otsetsereka kwambiri, onetsetsani poyambira ndi pothera chitunda, pamenepo m'pamene mimba ya galimoto imakhula pansi, ndiye pafunika kusalaza pang'onopang'ono.

Musawake bwalo lonse. Matayala amangofuna timizere tiwiri ta masentimita 60 kapena 70, pakati n'kusiya kapinga kapena miyala ing'onoing'ono kuti madzi azilowa m'nthaka, komanso kuti pakhomo pasamatenthe ngati chiwaya. Pamene galimoto imakhotera ndi pamene imagona m'pamene pamafunika pouma ponseponse. Konkire ya masentimita 10 pa nthaka yotsenderedwa bwino imakwana galimoto wamba, ndipo njerwa zoyala za mamilimita 60 zimachitanso chimodzimodzi, ubwino wake ukakhala wakuti mukhoza kuzizula n'kuzibwezera paipi ikaphulika. Chimene chimagwetsa bwalo nthawi zambiri si kupyapyala kwa pamwamba ayi, ndi dothi la pansi limene silinatsenderedwe.

Thanki ya zonyansa za kuchimbudzi ndi dzenje lake lomwera madzi zisakhale pansi pa njira ya galimoto, pokhapokha ngati injiniya wapanga chivundikiro chotha kusenza kulemerako. Komabe ikhale pamene paipi ya galimoto yopopa ingafike kuchokera pageti kapena pamsewu, ndipo ikhale kutali ndi maziko ndi chitsime monga malamulo a kwanuko akunenera. Yanga ili kutsogolo chakum'mawa, pansi pa kapinga, kuseri kwa polo ija imene inandikaniza geti. Zimbudzi ndi bafa ndinaziika mbali yomweyo kuti mapaipi asadutse pansi pa galimoto.

Musanathire konkire ya panjira, kwirirani mapaipi awiri opanda kanthu a mamilimita 110 mopingasa njirayo, mutseke kukamwa kwake, ndipo mujambule chithunzi tepi ili pambali kuti mudzakumbukire pamene ali. Tsiku lina mudzafuna kudutsitsa waya wa nyale ya pageti, belu, mota ya geti kapena paipi ya madzi othirira. Ine paipi imodzi ndinaigwiritsa kale ntchito chaka chachiwiri, pamene tinaika nyale pansanamira. Inayo ikadali chikwiririre, mita imodzi kuchokera panjanji ya geti.